Khofi wa Agogo Rafaeli

"Mtengo uwu munautenga kuti, bambo?"

Wofunsayo anali atagwada kuseri kwa nyumba yathu ku Chilomoni, kabuku m'manja, akutembenuza masamba a khofi wathu. Anati ndi a Ellard, ofufuza za mbewu. Ine mtima unakana. Mu 1994 aliyense wa kabuku ankalemba za chipani kapena za malo, ndipo puloti yathu inalibe pepala.

"Unangomera wokha," anayankha bambo anga, a Gregorio, maso ali pansi.

Linali bodza. Atate awo, agogo Rafaeli, pogwira thangata pa esiteti ya mzungu ku Thyolo, anaba kambande ka khofi m'nazale n'kukabisa m'chikho. Mtengo wathu unali mdzukulu wa kambande kameneko, ndipo nkhaniyi tinkainena monong'ona.

A Ellard atalonjeza kubweranso Lachisanu, ndinawakalipira bambo.

"Mwaona m'mene amayezera ndi maso mpaka kumpanda? Lero mtengo, mawa puloti. Akati khofi ngwa esiteti, ndiye malonso nga esiteti!"

"Eliness, zaka makumi asanu ndi atatu zapita. Angalondole mpaka pano?"

"Boma siliiwala, bambo."

Ine ndine wa mtima wapachala, sindichedwa. Lachinayi masana ndinatenga chikwanje, ndinadula mtengo uja n'kuponya nthambi kudzala.

Lachisanu a Ellard anaima pa chitsacho nthawi yaitali.

"Mayi, mwatani? Khofi wakale wa m'mapiri muno anatha ndi matenda a masamba. Ndayenda Thyolo, Mulanje, Zomba, sindinampeze. Uyu yekha analibe banga. Ndimangofuna njere."

Manyazi anandigwira, koma ndinaumabe khosi. "Nanga puloti?"

"Puloti yanji?"

Bambo anayamba kuseka, kuseka koipa, mpaka misozi.

"Ndiye wa mzungu anafa, wakubayu n'kukhala?"

Anapita kudzala. Ngakhale anali ndi nyamakazi, bambo anagwada m'phulusa ndi makoko a nthochi, n'kumathothola zipatso zofiira pa nthambi zofota, kuika m'chipewa chawo. Ndinafuna kuwathandiza, anandikankha dzanja.

Atadzuka anapereka chipewacho kwa a Ellard, koma sanachitaye msanga.

"Tsegulani kabuku kanuko. Sunamere wokha. Anauba bambo anga. Lembani dzina lawo bwinobwino: Rafaeli."