Mawu a Malemu Dalaivala

Madalaivala a basi ankamutcha Mayi Mafunso, chifukwa kwa miyezi itatu ankawafunsa za kutopa kwa pantchito, n'kumajambula mayankho awo pa kafukufuku wake wa ku yunivesite. Iye analonjeza dalaivala aliyense, mochita kusainirana, kuti mawu ake sadzamvedwa ndi munthu wina.

Lolemba lina anapeza mayi wachikulire atakhala pabenchi, pakhomo pa ofesi yake.

"Ndine mkazi wa dalaivala wamtali uja, wa mpata m'mano," anatero mayiyo. "Tinawaika m'manda sabata yatha. Akuti mawu awo muli nawo. Ndingowamvako, mwanangu, basi."

Mayi Mafunso anasowa pogwira. Kukana kunali nkhanza. Koma m'mawu ojambulidwawo malemu anaulula kuti masiku ena ankagona dala m'basi, kuthawa kulongolola kwa mkazi yemweyu.

"Ndikafunse kaye akuluakulu, mayi."

Anakwera kuchipinda chapamwamba, kumene komiti yoteteza anthu ofunsidwa pa kafukufuku inkakumana. Anafotokoza nkhaniyo, fani ikulira kudenga.

"Lonjezo ndi lonjezo," anatero wapampando.

"Kwa ndani? Mwiniwake kulibe," anatero loya.

"Ndiye munthu akamwalira, chinsinsi chake chimathera pomwepo?"

"Sindinatero."

"Nanga mwati chiyani?"

Loya anavundukula buku la malamulo mpaka kumapeto, n'kuyambiranso. Dokotala anafunsa ngati wamasiyeyo nayenso asaine fomu. Fomu iti? Onse anangoyang'anana. Mayi Mafunso mutu unaima. Anabwera ndi funso limodzi, tsopano sankadziwanso lomwe anafunsa.

Kenako analankhula telala wina, woimira anthu wamba m'komitimo.

"Kodi bamboyo anangofikira kudandaula? Ngakhale moni?"

Mayi Mafunso anakumbukira, n'kuwauza. Asanasaine, poyesa makina ojambulira mawu, malemu anatsokomola, anaseka, n'kuimba kanyimbo kopanda mutu.

"Asanasaine? Ndiye kameneko si kafukufuku," anatero wapampando, nkhope itawala.

"Ngati si kafukufuku," anatero loya, "munajambula ndi chilolezo cha ndani?"

Mkangano unabukanso. Patatha ola anamulola kuti apereke kanyimboko kokha, ngakhale panalibe amene akanatchula lamulo lomwe anatsatira.

Anatsika n'kukamuyatsira mayiyo makina. Mawu okhuthala aja anadzaza kaofesiko. Mayiyo anamvetsera atatsinzina, manja ali pachifuwa.

"Ndi zokhazi?"

"Zinazo sindingathe, mayi. Ndinawalonjeza."

Mayiyo anamuyang'anitsitsa.

"Anandinena, eti?"

Mayi Mafunso anayang'ana makinawo. Akati ayi, ndi bodza. Akati inde, waulula. Nako kukhala cheteko kunali ngati kuyankha.

Mayiyo anaseka pang'ono, akupukuta misozi ndi chikhatho.

"Musavutike, ndakhala nawo zaka makumi atatu, ndimawadziwa. Yatsaninso aimbe."