Ndevu za Bambo

Kunyumba amanditchula kuti Kachete, chifukwa anthu akangopitirira awiri mawu amandithawa. Kusukulu, komwe ndangomaliza kumene, aphunzitsi ena anamva mawu anga tsiku lotsanzikana. Choncho izi ndikungolemba, pakamwa sindingathe.

Bambo anga anapuma usilikali ine ndili wamng'ono. Lole imene anakwera ali pa ntchito inagubuduzika, iwo navulala m'khosi, ndipo manja awo amanjenjemera. Kapu ya tiyi amaigwira ndi manja awiri, koma theka limathera pa tebulo. Penshoni amalandira. Chipukuta misozi cha ulumali ndiye sanachionepo, chifukwa pamene ankapuma madokotala anawafunsa mmene akumvera m'thupi, iwo anaima njo n'kuyankha kuti ali bwinobwino. Mayi amaikamba nkhaniyi ngati yachitika dzulo.

Chaka chino kunamveka kuti asilikali opuma awayezanso, kamodzi kokha. Wopezeka ndi ulumali alandira chipukuta misozi, kuphatikizapo za m'mbuyo kuyambira pamene vutolo linayamba. Kutatsala tsiku limodzi kuti bambo akayezedwe, mayi anandikokera kukhitchini.

"Iwe, ukakhoza mayeso ukuganiza kuti fizi ya kukoleji igwa kumwamba? Mawa usawamete. Apite choncho, ndevu zili nyankhalala, madokotala aone okha mmene zinthu zilili."

Ndinavomera ndi mutu. Ndevu za bambo ndimameta ndine, m'mawa uliwonse, m'bafa chitseko chili chotseka. Mayi amadziwa koma sitikambirana. Akunja onse amaganiza kuti amameta okha.

Kutacha ndinamva kutsokomola kwa bambo kuja kondiitanira. Ndinawapeza atakhala pa chidebe chovundikira, thaulo lili pakhosi.

"Mayi ako abisa lezala," anatero motsitsa mawu. "Tsegula kachitini kako ka polishi."

Munali lezala ina, yatsopano.

"Koma mayi anati..."

"Mayi ako sanaimepo pa perete. Ukufuna ndikaonekere pamaso pa mabwana anga ngati tonde?"

Ndinaima pakhomo lezala ili m'manja. Ndikameta ndalakwira mayi, ndikakana ndalakwira bambo, ndipo sindinkadziwa kuti zothandiza ndi ziti. Anatukula chibwano n'kutseka maso monga amachitira masiku onse. Manja anga anayamba okha kupaka sopo.

Mayi atationa tikutuluka anangoyang'ana chibwano cha bambo, kenako ine.

"Chabwino. Poti mwagwirizana, uwaperekeze ndiwe. Ine mtima wanga ndi umodzi."

Kuchipatala cha asilikali tinapeza khonde lodzaza madala, atakhala pa mabenchi. A Kopolo, mnzawo wa bambo, anabwera ndi ndodo zoyendera, chonsecho Lamlungu ndinawaona akuthamangira basi.

"Sajeni!" anakuwa. "Wabwera kudzayezedwa kapena kudzafunsira mkazi? Taonani kusalala kwake!"

"Nanga iwe mwendo wodwala ndi uti lero?" anafunsa bambo.

"Wamanzere."

"Nanga ukukokeranji wamanja?"

Benchi yonse inafa ndi phwete. Nthawi yomweyo kunadutsa ofisala wachinyamata, msinkhu wa achimwene anga. Madala onse anadzambatuka n'kuima chilili, mawondo akulira. Ndodo za a Kopolo zinagwera pansi, eni ake ali njo ngati mtengo. Ofisalayo sanawayang'ane n'komwe. Ine sindinadziwe kuti ndiseke kapena nditole ndodozo.

Atatiitana, tinalowa m'chipinda chonunkha mankhwala. Adokotala anali mayi wa magalasi, nyenyezi zili paphewa. Bambo anakana mpando. Anaima manja ali kumbuyo, pamene ine ndekha ndinkawaona akugwedezeka.

"Mukumva bwanji, a Sajeni?"

"Ndili bwino, bwana."

Mumtima ndinamva mawu a mayi.

"Tambasulani manja."

Bambo ali ndi kachinyengo kawo. Akakoka mpweya n'kuumitsa mapewa, manja amakhala bata kwa kanthawi. Amachita zimenezi kutchalitchi popereka moni. Anachitanso pamenepo, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo. Adokotala anayang'ana manjawo, kenako anayandikira n'kuwatembenuza nkhope uku ndi uku.

"Mwameta bwino. Ngakhale pansi pa mphuno palibe pochekeka. Munthu wonjenjemera sangamete chonchi. Mwameta nokha?"

"Msilikali amameta yekha, bwana."

Adokotala anabwerera pa mpando natenga cholembera. Ndinameta kuti bambo asachite manyazi, ndiye kumeta komweko kukutilanda zonse? Kapena adokotala akungowayesa? Kodi mwana amaloledwa kuyankhula muno? Ndinayang'ana pakhomo ngati mayi atulukira.

"Ndine."

Mawuwo anatuluka ang'onoang'ono, ngati a munthu wina.

"Wati chiyani, mtsikana?"

"Ndimawameta ndine. Ndi mabatani omwe. Ndi zingwe za nsapato."

Za mabatani ndi nsapato palibe anandifunsa. Zinangotsatana zokha. Bambo sanatembenuke. Ndinaona khosi lawo likutuluka thukuta, mpweya uja anautaya, ndipo manja anayamba kuvina poyera, osabisika.

"Unayamba liti?" anafunsa adokotala. "Uganize bwino, chifukwa za m'mbuyo timawerenga kuyambira pamene vuto linaonekera."

"Ndili kalasi yomaliza ya pulayimale."

"Ndiye kuti linayamba atapuma kale. Zikatero n'zovuta kunena kuti gwero lake ndi ntchito."

Ndawachotsa ulemu bambo, ndipo ndaonongeratu nkhani. Ndinkafuna kufotokoza kuti ayi, manja ankanjenjemera kale, koma mawu anali atathawanso.

Kenako bambo anakoka mpando uja anaukana n'kukhala pansi.

"Asanayambe mwanayu ankandimeta Kopolo," anatero akuyang'ana pawindo. "Kubalaki, kuseri kwa sitolo ya zida, perete asanayambe. Kuyambira pamene ndinatuluka m'chipatala. Nditapuma ankabwera kunyumba, mpaka maso ake anayamba kuchita chidima."

"Kopoloyo alipo?"

"Ali panja, bwana. Ndi uja wa ndodo ziwiri. Za mwendo wake musamukhulupirire, koma izi akuuzani zoona."

A Kopolo analowa atayiwala ndodo imodzi pa benchi. Anachitira umboni zonse, mpaka kutchula mtundu wa sopo. Adokotala analemba nthawi yaitali, anawayezanso bambo manja atawauza kuti apume ngati munthu, n'kunena kuti nkhani yawo ayivomereza kuyambira chaka cha ngozi.

Ndinkaganiza kuti ndisangalala, koma chimwemwe sichinabwere. Titatuluka, madala aja anafunsa kuti zayenda bwanji.

"Mwanayu wandigulitsa," anatero bambo.

Ena anaseka, ena anandiyang'ana. Nkhope ya bambo sinanene kanthu. Mpaka pano sindikudziwa ngati inali nthabwala.

Pa siteji ya basi sanandiyankhule. Basi itafika, kondakitala anatambasula dzanja. Masiku onse bambo amakonzeratu ndalama m'thumba la malaya kuti asavutike pagulu, koma tsiku limenelo anayiwala. Analimbana ndi chikwama, chikuthawathawa m'zala, anthu akudikira kumbuyo kwathu. Ine ndinayang'ana kumbali monga anandiphunzitsira.

"Kachete," anatero mokweza, anthu onse akumva. "Ukuyang'ana kuti? Tsegula ichi."