Bulugamu wa Pageti

Mlungu wonse bamboyu ankakhala mu ofesi ya inshuwalansi, tayi ali pakhosi, kuyang'ana zithunzi za madenga ophwanyidwa ndi mitengo. Loweruka likafika ankavala ovolosi n'kusanduka munthu wina. Anzake akamathamangira mpira, iye ankathamangira nkhuni. Akangomva kuti kwinakwake mphepo yagwetsa nthambi, ankanyamuka ndi wilibala ngati waitanidwa ku ukwati. Pakhomo pake ankaphikira magetsi, koma kuseri kwa nyumba kunali zipika mbwee, zosanjidwa mpaka kutseka zenera la kubafa. Anthu a mumsewumo anamupatsa dzina loti Macheka, ndipo iye ankalikonda kuposa lake lenileni.

Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali bulugamu wa pageti pake pomwe. Mtengowo unali wautali kuposa yonse ya mumsewumo, ndipo unapendekera kuchipinda chimene ankagona bambo ake. Mkuluyo anali atayamba kuiwala. Lero aitane mwana wawo kuti achimwene, mawa asunge nsapato mufiriji. Chimodzi chokha sichinkawasokonekera: akamwa tiyi ankatenga ndodo kupita kwa mnzawo wometa tsitsi kumapeto kwa msewu, n'kubwerako okha dzuwa litapendeka.

"Mvula ikubwerayi, mtengo uwu udzawapeza bambo ali pabedi," Macheka anauza mkazi wake.

"Itanani anthu odziwa ntchito yake."

"Wodziwa ntchito yakeyo ndi amene mukuyankhula nayeyu."

Mayiyo anangopukusa mutu n'kukachotsa maluwa ake pakhonde.

Loweruka limenelo anadikira kuti bambo ake atuluke, kenaka anaitana anthu awiri okoka chingwe: mlamu wake, mchimwene wa mkaziyo, woyendetsa takisi wamimba yotsogola, ndi neba wawo, telala wosachedwa kuchita mantha. Mtengowo unali pamalo oipa zedi. Uku nyumba, uku mawaya a magetsi, uku mpanda wa telala. Mpata wogwera unali umodzi basi, kudzera pageti kulowa mumsewu.

M'mawa wonse Macheka anali m'mwamba, kudula nthambi ndi kuzitsitsa pachingwe. Atatsika, anamanga chingwe chachikulu, nasema kamwa pathunthu mbali ya kugeti, n'kuyamba kucheka kumbuyo kwake. Apa m'pamene panayambira chisokonezo. Macheka a injini ankalira moti palibe ankamva mnzake.

"Kokerani kumanzere!" iye anakuwa.

"Kumanzere kwa ndani, alamu? Kwanu kapena kwathu?"

Mlamu anakokera uku, telala anakokera uko, chingwe chinawakulunga onse awiri m'miyendo. Telala anachitaya n'kuthamangira kukatulutsa makina ake osokera m'nyumba, ali pakati pa njira anakumbukira kuti mtengo ulibe woukoka, anabwerera. Mkazi wa Macheka ankakuwa zake pazenera, koma zimene ankanena anazidziwa yekha.

Macheka anazimitsa injini. Thunthu linali litatsala pang'onong'ono kuduka, koma mtengo unangoti njo pachitsa pake, osagwa. Kamphepo kanawomba, nsonga inagwedezekera kuchipinda cha bambo, inabwerera, inagwedezekeranso komweko. Macheka mutu unaima. Kucheka ankaopa, kusiya ankaopa, ndipo zonse zimene ankadziwa za mitengo zinamuthawa.

"Alamu," anatero woyendetsa takisi, thukuta lili kamukamu, "inshuwalansi ya nyumba inoyi munalembetsa, kapena mumangolembera anzanu?"

"Kokani, inu! Nonse mbali imodzi, kumsewu!"

Macheka nayenso anathamangira kuchingwe, mkazi wake anatuluka n'kugwira kumapeto. Mtengo unalira ngati chitseko chadzimbiri, unaganizaganiza, kenaka unagwa kuti khuu, pakati penipeni pa geti, osakhudza ngakhale njerwa imodzi. Fumbi linati kobo. Telala anakhala pansi n'kuyamba kuseka ngati wopenga.

Macheka anasangalala kwambiri, tisabise. Anayenda pathunthupo uku ndi uku ngati tambala. Anaduladula zipika, anthu a mumsewu anathandiza kuzikunkhuniza, aliyense n'kutengako nthambi zake. Chipinda cha bambo chinawala kuposa kale lonse, ndipo mumtima ankati lero mkulu uja agona popanda choopsa pamutu pake.

Ali mkati mosesa utuchi, mkazi wake anaima pakhonde.

"Bambo sanabwere."

"Ali kwa ometa."

"Nthawi ino? Tiyi wawo wazizira kale."

Macheka anapita ali chivalire ovolosi, tsache likadali m'manja. Wometa tsitsi anadabwa: mnzakeyo anali atatsanzika kalekale, nthawi yake ya masiku onse. Macheka anafunsa pagolosale, anati anawaona akukwera msewu. Anafunsa pokonzera njinga, anati ayi, ankatsika. Mkazi wa telala anati anawaona akudutsa pageti pomwepo anthu akukunkhuniza zipika, kenaka anadutsanso kubwerera, ndipo iye ankayesa kuti akuwongola miyendo. Aliyense ankaloza kwake. Macheka anathamangira kumtunda, anabwerera kumunsi, osamvetsa kuti munthu angasowe bwanji mumsewu wowongoka umene wauyenda zaka zonsezi.

Anawapeza pamphambano, pafupi ndi pokwerera basi, atatsamira ndodo, nkhope ili m'mwamba. Ankayang'ana pamwamba pa madenga, mbali iyi, kenaka mbali inayo.

"Bambo! Mwatiopsa. Tiyeni kunyumba."

"Eya, kunyumba," anatero mkuluyo mwaulemu. "Mwachita bwino, achimwene. Ndasokera pang'ono."

Anayenda bwinobwino atagwirana mkono mpaka pageti. Pamenepo mkuluyo anaima. Anayang'ana geti, anayang'ana chitsa choyera chija, anakweza maso kumwamba kumene kunali mbee, nabweza phazi.

"Pano ayi."

"Ndi pano, bambo. Si khonde lanu ilo? Si apongozi anu awo aima apowo?"

Mkuluyo anapereka moni kwa mayiyo ngati kwa mlendo, mpaka kuvula chipewa.

"Nyumba yabwino ndithu. Koma tisalowe m'nyumba za eni. Kwathu kuli mtengo wautali pageti."

"Ndaudula ine, bambo. Ukanakugwerani. Chitsa chake ndi ichi."

"Mwadula wanu, chabwino. Wathu ulipo. Mwana wanga amausamala."

Mlamu, amene pakamwa pake sipankauma nthabwala, anangotola chingwe chija n'kuyamba kuchikulunga. Mkazi wa Macheka anatulutsa mpando wa mkuluyo, anatulutsa kapu yawo, anawaonetsa ngakhale jekete lawo. Iwo anayamikira zonsezo, koma phazi silinadutse geti. Macheka anamva chisoni chimene sanachimvepo chibadwire.

Bambo ake anamukoka mkono pang'onopang'ono.

"Musataye mtima, achimwene. Tiyeni tiyendebe, tiuona. Umaonekera patali."

Macheka anapatsira mkazi wake tsache lija n'kuwatsatira. Anatsika nawo msewu, mkuluyo maso ali pamwamba pa madenga, iye atawagwira pachigongono kuti asapunthwe.