Dontho Lisaleke

Chaka cha 1973 Ramazani inagwa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tsoka sasimba, ndi nthawi yomweyo shafiti ya injini ya boti la a Uladi inathyoka, usipa uli mbwee panyanja, kunyumba ana asanu ndi awiri akudikira.

Anapalasa njinga mpaka ku Malindi kwa a Oswald, mmisiri wa zitsulo, nkhalamba ya mkamwa mowawa koma manja ake osalakwa. Shafiti ina inalipo, chotsala chinali kusemapo kamzera kolowa kiyi, kachitsulo kogwira shafiti kuti isaterereke.

"Kampeni kosemera n'kamodzi komweka," anatero a Oswald. "Kakapsa, kena mudikira miyezi itatu kuchokera ku Blantyre. Pampu yothirira madzi oziziritsa kampeni inafa kalekale. Chitini mugwira ndinu."

Chitinicho anachibowola ndi msomali, n'kuthiramo madzi a sopo osakaniza ndi mafuta a mtedza, oyera ngati mkaka.

"Dontho lisaleke, a Uladi. Mukaleka, kenako n'kukhuthulira ambiri pakampeni kotentha, kasweka ngati mbale."

Makina anayamba kulira. A Uladi anali pa swaumu, sanalawe kanthu chiyambire m'bandakucha. Koma abale, munthu kukhosi kuli gwa, n'kumayang'ana madzi akudontha pachitsulo tsiku lonse! A Oswald ankapita pang'onopang'ono, khutu lili pamakina, akumaona mtundu wa tizidutswa togwa. Kamodzi mkono wa a Uladi unatopa, dontho linaphonya, kautsi n'kutuluka. Ndi mantha anafuna kupendeketsa chitini chonse, koma nkhalamba inawagwira dzanja, n'kuzimitsa makina.

"Mufuna kundiphera mwana? Kazizire kokha."

A Uladi anachita manyazi, mumtima akuti munthu uyu ndi wankhanza. Mayi Dora, akazi a mmisiriyo, anabwera ndi tiyi wa amuna awo n'kumuika pawindo, masana anabweretsanso madzi akumwa m'chikho.

Cha m'ma folo kiyi inalowa m'kamzera kaja kuti tswii, osagwedera ngakhale pang'ono. Kampeni kanali kakuthwabe. Apo m'pamene a Uladi anaona tiyi uja pawindo, ntchentche zikuyandamamo, chikhonso chili chodzaza. Milomo ya a Oswald inali itang'aluka ngati ya a Uladi.

"Bambo, bwanji simunamwe? Inu si Msilamu."

A Oswald anapukuta kampeni kawo ndi chisanza, osawayang'ana n'komwe.

"Ndikanamwa inu mukuona, dontho likanaleka. Nyamulani shafiti yanu, dzuwa lisakulowereni panjira."