Kumene Zilibekanthu Ankatenga Mawu

Ku wailesi ankamutcha Alembi, chifukwa ndiye ankalemba sewero la mlungu ndi mlungu lochenjeza anthu za kuipa kwa mowa. Ntchitoyo inkamuyenera mochititsa manyazi. Mowa sankaulawa chifukwa cha zilonda za m'mimba, ambulera sankaisiya ngakhale kumwamba kuli mbee, ndipo tchimo lake lalikulu chaka chimenecho linali kupita kunyumba ndi cholembera cha ku ofesi. Anachibweza m'mawa mwake.

Koma m'seweromo anali atalengamo chilombo. Dzina lake Zilibekanthu, mmisiri wopaka nyumba penti, chidakwa chotheratu chomwe chinagulitsa makwerero n'kumapaka denga chitaima pa mgolo. Bungwe lomwe linkathandiza sewerolo linkafuna kuti omvera azinyansidwa naye. Koma ayi ndithu! Amayi olemekezeka ankaimba foni ku wailesi kufunsa ngati Zilibekanthu wadyako kanthu. M'sewerolo munalinso bambo wina wabwino, wofika pakhomo dzuwa lisanalowe, koma palibe womvera ankamukumbuka dzina. Mlembiyo sankadabwa, poti bambo ameneyo anamulemba akudziyang'ana yekha.

Mlembiyo nayenso ankamukonda Zilibekanthu, osati pang'ono. Munthu wake ankatukwana abwana m'mawa, masana n'kuvulira wopemphetsa jekete, madzulo n'kumalirira mkazi yemwe wamuthamangitsa yekha. Zonse zomwe mlembi ankazimeza pa misonkhano ya ku ofesi, Zilibekanthu ankazilavula poyera. Polemba mawu ake, munthu wa ambulera uja ankadzimva kuti nayenso ngoopsa, mpaka ankamasula batani la pakhosi.

Anzake akamuyamikira luso, ankangoti, “Aa, zimangobwera zokha.” Zinkabwera pa basi. Mawu onsewo anali a achimwene ake, opaka penti enieni, ndiponso chidakwa chenicheni. Loweruka lililonse ankapita kwawo ndi kabotolo m'chikwama, ati kukawaona. Iye madzi ofunda m'kapu, iwo botolo, ndipo likafika pakati m'kamwa mwawo munkatuluka zinthu zoti munthu wosamwa sangaziganize. “Mphwanga,” anatero tsiku lina, “ine ndimabisa ming'alu ya nyumba za anthu. Yanga ndi yomwe ndasowa penti yake.” Mlembiyo anawagwira phewa mwachisoni, mtima ukuvina, ndipo Lachinayi mawuwo anamveka pa wailesi.

Kenaka achimwene aja anagwa ali pa ntchito, maso ali achikasu. Adokotala sanapsatire mawu: chiwindi chatopa, akadzaulawanso mowa abale akonze bokosi. Achimwene anasiyadi. Mlembiyo anakondwa ndi mtima wonse, analira ndi kulira komwe pa khonde la chipatala, ndipo misoziyo inali yeniyeni. Vuto linali lakuti Zilibekanthu anasanduka bubu.

Anayesa kudzipezera yekha mawu. Anakakhala mu bala ina ndi chakumwa chozizira, koma anangotulukamo ndi mutu wopweteka ndi utsi wa fodya ndiponso nsapato yotayikiridwa mowa. Anayesa kukwiya ngati chidakwa pa galasi la ku bafa, mkazi wake n'kugogoda kufunsa ngati zilonda zayambanso.

Mayi woyang'anira mapulogalamu anamuitanira mu ofesi. “Alembi, chidakwa chanu chija chayamba kuyankhula ngati chikwangwani cha kuchipatala. Mwachibatiza liti? Anthu ayamba kutseka mawailesi. Zikapitirira chonchi, nthawi yanuyi tiikapo nyimbo.”

Loweruka lotsatira anapezeka ali mu shopu, botolo lili m'manja. Anadziuza kuti sakawapatsa ayi, angolinyamula. Mwinanso kukapezeka mlendo wakumwa. Ali pa basi anafika mpaka poganiza kuti kulinyamula osalitulutsa ndi njira yoonetsera kuti iye ndi munthu wodziletsa. Pa luso lodzinamiza lokha, panalibe amene ankamubwereka mawu.

Anawapeza achimwene pa khonde akupaka mafelemu a mawindo a nyumba yawo, ataonda koma atameta ndevu. Mlamu wake anatuluka akupukuta manja pa nsalu.

“Alamu, takulandirani,” anatero mayiyo. “Inu ndinu nokha amene simunawataye abambowa. Anzawo onse aja anathawa botolo litatha. Khalani, ndikuphikireni tiyi.”

Mayiyo analowa m'nyumba. Mlembiyo anakhala pa kampando, chikwama atachikumbatira pa miyendo ngati mwana wodwala. Achimwene anafotokoza za mapiritsi awo, akumwa asanadye ndi akumwa atadya. Anafotokoza za maburashi a masiku ano omwe amathothoka ubweya. Ananenanso kuti tsopano amagona bwino. Mlembiyo ankagwedeza mutu, mumtima akudzitukwana, chifukwa anali atatopa nazo. M'bale wake wabwera kuchokera pakamwa pa manda, ndipo iye, munthu wabwino wa pabanjapo, ankaona kuti nkhaniyo yaipa.

“Sewero lako ndimamvetsera,” anatero achimwene, maso ali pa felemu.

Mlembiyo anafinya chikwama chija. “Ee? Ndi zongopeka zija, achimwene.”

“Zongopeka zabwino. Mkulu uja ankayankhula ngati munthu amene ndikumudziwa. Alamu akowa amaseka mpaka misozi, sadziwa kuti akuseka mwamuna wawo. Ine sindinadandaule, mphwanga. Chidakwa kumva mawu ake ali aukhondo, opanda fungo, n'chinthu chokoma.” Anaviika burashi mu chitini. “Koma masiku ano wazizira.”

“Ndi kutopa chabe. Ntchito yachuluka.”

Achimwene anaika burashi pansi. Apa mlembi anaona kuti nthawi yonseyi sanamuyang'ane kumaso. Ankayang'ana mawindo, chitini, pansi, paliponse kupatula pa miyendo pake.

“Botolo liri m'chikwamamo lagunda makiyi ako uli pa geti,” anatero motsitsa mawu. “Botolo lodzaza limalira mwa lokha. Ine ndingalimve ngakhale pakati pa mvula ya mabingu.”

“Achimwene, si choncho. Ine ndimangoti…”

“Usalongosole, iwe. Kulongosola ndi ntchito yanga, ndaigwira zaka zambiri.” Anapukuta thukuta pa mphumi n'kusiyapo mzere wa penti. M'khitchini munkamveka makapu, mlamu akung'ung'udza kanyimbo. “Chifikireni iwe, ndakuuza za mapiritsi ndi maburashi kuti kamwa langa likhale ndi chochita. Nkhani zandithera. Nyamuka msanga, mphwanga, ndisanakupemphe. Chifukwa ndikakupempha, ndikudziwa kuti undipatsa.”

Ananyamuka osatsanzika. Mlamu anamuitana ali pa khomo ndi thireyi, iye osacheuka. Manyazi anamugwira, ndipo misozi inamutseka maso moti anagunda geti ndi phewa.

Anayenda mpaka pokwerera basi asanazindikire kuti milomo yake ikugwedera. Anayesa ngati akupemphera. Atamvetsera bwino, anapeza kuti akubwereza mawu omaliza a achimwene ake, liwu ndi liwu, kuopa kuti angawaiwale lisanafike Lachinayi.