Chingwe chobzalira cha amayi

"Iwe Tikhala, chotsa chingwe chakocho m'munda mwangamo!"

Amenewo ndi amalume a Mateyo, alongo awo a malemu amayi. Mvula yobzalira yagwa dzulo, ine ndakwera kabaza pa Njuli m'mawa kuti ndidzabzale munda umene amayi anandisiyira. Kufika, ndapeza mizere yonse aidula kumunsi, aika kanjira katsopano, eti malire ndi amenewo. Kunsiko akumbamo kale mapando awo. Serious.

"Malume, ine ndikungobzala."

"Ukubzala chani? Zala za foni zimenezo? Malire ukuwadziwa iwe?"

Ndinakhoma chikhomo patsinde pa mango, pamene amayi ankayambira chaka chilichonse, n'kuyamba kutambasula chingwe. Ndi chanayiloni chija chabuluu, chopanidwa zitsekerero za mabotolo, chitsekerero chimodzi phando limodzi. Amayi anachidula molingana ndi mzere wawo, sichinkatsala sichinkaperewera.

Ndafika pa kanjira kawo kaja, chingwe chidakali chambirimbiri m'manja. Ndinadumpha. Ndikuyendabe, ndikuponda mapando awo, mpaka chinakathera pa chitsa cha nandolo wa chaka chatha. Ndendende. Ndinakhoma chikhomo chachiwiri.

"Chingwe ndi umboni? Walumikiza iwe chimenecho!"

"Mfundo ili pati? Bwerani muone. Zitsekererozi munapana ndinu, ndi mano, pulayazi itasowa. Dzino lanu lakutsogololo linabenthuka ndi chani?"

Anatseka pakamwa fasti. Azimayi awiri amene amabzala munda wapafupi anaweramira pansi, mapewa akugwedezeka.

Ine ndatenga kakhasu ka amayi, kaja kanatha mpaka kukhala ngati supuni. Kugaba pa chitsekerero, mbewu, kufotsera ndi chidendene. Kugaba, mbewu, chidendene. Sindinaime.

Amalume anatsitsa mawu. Pamenepo nde ndinaopa zenizeni.

"Mwana wa mlongo wanga, ganiza bwino. Mnyamata wako wa ku Milepa uja akubweretsa akwawo mwezi wamawa. Nkhoswe yako ndine. Ukabzala kunsi kuno, ine pa chinkhoswepo sindidzakhalapo."

Ndinayang'ana chingwe. Zitsekerero eyitini zatsala kuti mzere woyamba uthe.

"Nkhoswe ina ndiipeza, malume. Munda wina ndiupeza kuti? Tasunthani, mwaponda chingwe."

Anachotsa phazi, khasu paphewa, ulendo osacheuka.