Makadi a Alendo

Sabata yomaliza ya semesita, Mayi Sapu ankavula nsapato akangokhala pampando. Mapazi ankawatupa, ndipo pansi pa desiki panalibe woona. Dzinali anawapatsa ndi ophunzira, chifukwa aliyense woitanidwa ku ofesi yawo ankadziwiratu kuti zavuta: mwina alemba sapu, mayeso obwereza aja a anthu amene agwa pang'ono, kapena auzidwa kuti alongedze. Pachitseko panalembedwa kuti Mlangizi wa Ophunzira, koma ngakhale a Dini, mkulu wa aphunzitsi onse, lilime likaterereka, ankawaitana dzina lomwelo.

Lachisanu limenelo pamndandanda wawo panali mayina makumi anayi ndi atatu. Komiti ya zamaphunziro inkakumana 2 koloko masana, ndipo amene akanafika nthawiyo asanasaine fomu yopempha mwayi wina, dzina lake likanangodulidwa mzere. Chiyambire Lolemba mayiwa anali ataimba mafoni mpaka khutu kutentha. Ena anabwera akulira, ena akutukwana aphunzitsi, wina ndi kalata ya dokotala yomwe inki yake inali isanaume. Panatsala asanu ndi mmodzi amene mafoni awo ankangoitana osayankhidwa.

Cha m'ma 10 koloko kunamveka odi. Analowa bambo wina wa imvi za apa ndi apo, atavala jekete yositidwa mpaka kuwala, tepi yoyezera zovala ikusuzumira m'thumba.

"Andilozera kuno, mayi. Akuti za ana a chaka chomaliza mumadziwa ndinu."

"Khalani, bambo. Tikuthandizeni chiyani?"

"Ine ndine telala. Mwana wanga wachisamba akumaliza chaka chino. Ndiye nkhani yake ndi makadi a alendo pa tsiku lovala gauni. Ndamva kuti mumapereka awiri okha. Awiri, mayi? Kwathu tilipo naini amene tachapa kale zovala. Azakhali ake anenetsa kuti akakanizidwa pakhomo adzalowera pawindo."

Mayi Sapu anaseka, kuseka kwawo koyamba sabata yonseyo. Anafunsa dzina la mwanayo. Bamboyo analitchula pang'onopang'ono, kuti chilembo chilichonse chimveke, kenaka anawonjeza kuti kunyumba amangomutcha a Injiniya, chifukwa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anamasula makina osokera n'kuwamanganso, kutsala sikuluwu imodzi yokha.

Mayiwa sanafunike kutsegula kompyuta. Dzinalo linali pa nambala 31, ndipo pambali pake panali timizere tofiira khumi ndi kamodzi, kamzere kalikonse foni imodzi yosayankhidwa. Anatembenuza pepalalo chafufumimba. Lamulo la yunivesite linali lakuti zotsatira za wophunzira n'za wophunzirayo. Kholo siliuzidwa, ngakhale litabwera ndi jekete yotani.

"Mwaonana naye lero?"

"Ayi, ndimafuna ndimudzidzimutse. Masiku ano ali ndi mabuku ambiri, sindimusokoneza."

"Tamuimbirani pa foni yanuyo. Popanda mwini wake palibe chomwe ndingachite."

Foni inangoitana kamodzi, mwanayo n'kuyankha. Mayi Sapu anatambasula dzanja, anaipempha, n'kutuluka nayo pakhonde la m'kati. Anazindikira kuti ali chosavala nsapato atamva kuzizira kwa simenti.

"Ndine mlangizi wa ophunzira. Usadule. Bambo ako ali mu ofesi mwanga, ndipo sindinawauze kalikonse. Bwera pompano."

Kamawu kakang'ono kanati, "Ndikubwera."

Anamudikirira pafupi ndi makina okopera mapepala, amene anafa mwezi watha ndipo tsopano anthu ankangoikapo makapu. Mtsikanayo anafika ali ndi chikwama cha mabuku kumsana, maso ali pansi, milomo itauma.

"Ndakuimbira kakhumi ndi kamodzi."

"Ndimaona, madamu."

"Nanga?"

Nkhani inatuluka modukaduka. Pakati pa semesita aphunzitsi oyang'anira pulojekiti yake anamubwezera ntchito yonse, akuti masamu ake anaphonya kuyambira patsamba lachitatu. Ananena zimenezi pamaso pa kalasi. Tsiku lotsatira mtsikanayo sanapite m'kalasi. "Ndinati ndipita mawa. Mawa lija linabala mawa lina." M'mawa uliwonse ankasamba, kunyamula chikwama, kutuluka ndi anzake, n'kukakhala pamasitepe a kuseri kwa laibulale mpaka dzuwa kupendeka. Pulojekiti sanapereke. Mayeso amodzi sanalembe n'komwe.

Mayi Sapu anafuna kumukalipira, koma anapeza kuti mphamvu zawo zinathera kwa anzake aja makumi atatu ndi asanu ndi awiri. Nkhani yamtunduwu anali ataimva kambirimbiri pa zaka khumi ndi zinayi. Zinkasintha ndi nkhope zokha.

"Tamvera. Gauni chaka chino iwalako. Ukasaina fomu, ndikakulankhulira ku komiti kuti ubwereze maphunziro awiriwo chaka chamawa. Sindikulonjeza. Koma usanagwire cholembera, bambo ako uwauze wekha. Ine ndikhala pomwepo, pakamwa ndi pako."

"Madamu, auzeni ndinu, chonde."

"Ayi. Ine ndauza anthu okwanira sabata ino."

Atalowa, telala anaimirira manja ali m'mwamba. "A Injiniya!" Koma ataona nkhope ya mwana wake anakhalanso pansi pang'onopang'ono. Mtsikanayo analankhula ali chiimire, akuyang'ana kalendala ya pakhoma. Sanabise kanthu, ngakhale za masitepe aja. Bamboyo anatulutsa tepi m'thumba, kuikulunga pachala, kuimasula, kuikulunganso.

"Miyezi iwiri," anatero pomaliza. "Lamulungu lililonse ndimakuimbira, iwe n'kumati zonse zili bwino, ababa."

"Ndimaopa."

"Ine ndinayamba ndakumenyapo?"

"Ayi."

"Ndiye umaopa chiyani?"

"Nkhope yanu imeneyo."

Telala anapukuta kumaso ndi chikhatho, ngati akufuna kuichotsa nkhopeyo. Panja pankadutsa ophunzira akukoka masutikesi, matayala ake akulira pasimenti.

"Mwana iwe, nsalu ya munthu ukaidula molakwa suibisa pansi pa tebulo. Mwini wake amabwerabe." Anapumira m'mwamba, n'kutembenukira kwa Mayi Sapu. "Asaine pati, mayi?"

Komiti inakumana m'chipinda chapamwamba, chomwe mawindo ake awiri okha ndi amene ankatseguka. Anthu khumi ndi awiri anakhala mozungulira tebulo, aliyense ndi mulu wa mapepala ndi maso ofiira a munthu amene wachonga mayeso sabata ziwiri. A Dini ankawerenga dzina, Mayi Sapu n'kufotokoza, ena n'kugwedeza mutu uku kapena uku. Pofika nambala 20 wina anali akusinza, cholembera chili m'kamwa.

Pa nambala 31 aphunzitsi a pulojekiti aja anawongola msana.

"Ameneyu ndikumudziwa. Anangosowa ngati ndalama yachitsulo m'udzu. Anzanga, ana awa tikuwalera mopusa. Kuntchito kulibe ofesi ya Mayi Sapu. Mlatho ukagwa sulemba sapu."

Ena anaseka. Mayiwa sanaseke. Anatsegula fayilo n'kuwerenga zotsatira za mtsikanayo za zaka zitatu ndi theka, phunziro ndi phunziro, mwa mawu a munthu wowerenga mayina a odwala pachipatala. Panalibe pomwe anagwapo.

"Sindikupempha kuti mumupatse digiri," anatero. "Ndikupempha kuti abwerere m'kalasi mwanu, mukamuonetse pomwe tsamba lachitatu linaphonya. Ngati n'kotheka, chitseko chili chotseka."

Mphunzitsiyo anayang'ana kudenga. A Dini anayang'ana wotchi, n'kufunsa ngati pali wotsutsa. Panalibe amene anali ndi mphamvu zotsutsira. Anapita pa nambala 32.

Anatuluka itadutsa 5 koloko. Mwa makumi anayi ndi atatu aja, makumi awiri ndi asanu ndi anayi anapatsidwa mwayi wina. Khumi ndi anayi anachotsedwa.

Telala ndi mwana wake anali adakali pabenchi ya panja pa ofesi. Chikwama cha mabuku chinali pakati pawo, jekete ija bamboyo ataivula n'kuipinda pamiyendo.

"Ubwereza," anatero Mayi Sapu. "Kuyambira sabata yoyamba ya semesita ndikufuna ndikuone pano, Lachiwiri lililonse, ufune usafune."

Mtsikanayo anagwedeza mutu, misozi ili mbwee. Bamboyo anagwira dzanja la mayiwa ndi manja ake onse awiri.

"Mwatigwira mkono, mayi. Sindidziwa kuti ndinene chiyani."

"Musanene kanthu, bambo. Pitani, mungasowe basi."

"Amayi ako ndikawauza ndine," anatero telala kwa mwana wake akunyamuka. "Koma iwe ukakhale pomwepo." Ananyamula chikwama chija n'kuchikoleka paphewa pake, mtsikanayo akutsatira pambuyo, mapazi awiri kapena atatu.

Mu ofesi mlembi wa a Dini anali atasiya kale kapepala padesiki: makalata a ochotsedwa atuluke lero, lipoti la mmene ophunzira apindulira semesita ino lifike Lolemba m'mawa, lisapitirire masamba awiri. Mayi Sapu anayatsa kompyuta. Kalatayo inalipo kale, yofanana chaka ndi chaka. Ntchito yawo inali kungosintha dzina ndi tsiku. Komabe dzina lililonse ankayamba aliwerenga kaye, n'kuyesa kukumbukira nkhope yake. Ena ankawakumbukira bwino. Atatu sanawaonepo chibadwire.

Atafika pa kalata yachisanu ndi chinayi, mayi wosesa anasuzumira pakhomo ndi ndowa yake.

"Ndikolope, kapena ndibwere Lolemba?"

"Kolopani, achemwali. Mungondizungulira."